Mtengo umene sanakuuzeni pachiyambi

Mayi ena asiya foni yawo kwa wokonza mafoni. Sikirini yasweka. Afunsa mtengo, auzidwa, avomera, apita. Madzulo abwera ndalama ili m'manja, yowerenga kale, ndipo mnyamata uja akuti, "Mayi, ija inali ya sikirini yokha. Pali ya ntchito, palinso ya guluu. Ndiye titatsegula tinapeza kachingwe ka batire kali kofooka, tangosinthiratu." Foni ili pa tebulo, yayaka, ikuwala. Mayiwo ayang'ana foni, ayang'ana mnyamata, acheukira anthu awiri amene akudikira kumbuyo kwawo. Atsegula kachikwama, awonjezera ndalama, anena kuti zikomo. Pakhomo limenelo sadzapondaponso, ndipo mnyamatayo sadzadziwa chifukwa chake.

Mwina zonse zimene wanenazo n'zoona. Guluu amachita kugula, kachingwe kanalidi kofooka, ndipo ntchito ya manja ake iyenera kulipidwa. N'kuthekanso kuti akanatchula mtengo wonsewo m'mawa, mayiwo akanavomera osanyinyirika n'komwe. Chawapweteka si kuchuluka kwa ndalama. Chawapweteka n'chakuti auzidwa pa nthawi imene sakanathanso kukana.

Anthu ambiri akamva za chinyengo cha pa malonda amaganiza za bodza looneka: sikelo yobera, katundu wabodza, chenji chopereweza dala. Koma njira zambiri zimene zikudya chidaliro cha ogula masiku ano zilibe bodza limene mungaliloze ndi chala. Nambala iliyonse payokha ndi yoona. Chimene wogulitsa wasewera nacho ndi nthawi: ichi ndinena poyamba, ndi zilembo zikuluzikulu; icho ndinena munthu akalowa kale m'khola.

Yofala kwambiri ndi imene pa Chingelezi amaitcha drip pricing, mtengo wobwera modontha. Mumaona nambala yokopa, mumayamba kugula, kenako madontho amayamba kugwa limodzilimodzi: ya kubweretsa katundu, ya kulongedza, ya sevisi imene palibe angakufotokozereni, msonkho umene sunatchulidwe. Palinso ya mtengo wakale wopeka, pamene wogulitsa amalemba nambala yaikulu n'kuikhwatcha, pansi pake n'kulemba yaing'ono, chonsecho katunduyo sanagulitsidwepo pa mtengo waukuluwo. Palinso ya changu: "zatsala ziwiri zokha," "mtengo uwu utha lero," koma mukadutsa sabata yamawa mawu ali omwewo. Pa intaneti zinthu zotere zinachuluka mpaka mu 2010 katswiri wa kapangidwe ka mawebusaiti wa ku Britain, Harry Brignull, anazipatsa dzina loti dark patterns n'kuyamba kuzisonkhanitsa kuti anthu azizione: kabokosi kochongedwa kale kokuwonjezerani chinthu chimene simunapemphe, batani lolowera lalikulu pamene lotulukira lili kobisika, mwezi waulere umene umasanduka wolipira popanda wokukumbutsani.

Tisanamizane, njirazi zimabweretsa ndalama. Aliyense wouza wabizinesi kuti kubisa mtengo sikupindulitsa akumuuza zimene mwini wakeyo amaona kuti si zoona, ndipo sangamumvere. Umboni wake ulipo. StubHub ndi kampani ya ku America yogulitsa matikiti a masewera ndi a zoimbaimba pa intaneti. Mu 2014 inayamba kuonetsa mtengo wonse pachiyambi, zowonjezera zonse zili momwemo. Mu 2015 inayesa njira ziwiri nthawi imodzi: ogula ena ankaona mtengo wonse kuyambira poyamba, ena ankaona mtengo wochepa ndipo zowonjezera zinkatulukira polipira. Akatswiri a zachuma, Tom Blake, Sarah Moshary, Kane Sweeney ndi Steven Tadelis, atasanthula zotsatira zake anapeza kuti obisiridwa aja anawononga ndalama zochuluka ndi pafupifupi 21 peresenti. Omaliza kugula anachuluka pakati pawo kuposa pakati pa enawo, ndipo ankasankha mipando yodulirapo. Kampaniyo inasiya kuonetsa mtengo wonse poyamba.

N'chifukwa chiyani munthu amapitiriza ataona kuti mtengo wasintha? China ndi kutopa. Wataya kale mphindi makumi awiri akusankha, walemba dzina ndi adiresi, mumtima mwake katunduyo ndi wake kale. Kuyambiranso kwina kumaoneka ntchito yaikulu kuposa ndalama yowonjezerayo. China, makamaka pamaso ndi pamaso, ndi manyazi. Palibe amafuna kuoneka ngati walephera kulipira, kapena kukangana pagulu chifukwa cha ndalama yochepa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo wogulitsa wochenjera amadziwa bwino kuti makasitomala ambiri ndi mbewa zoterozo. Amadalira ulemu wa munthuyo kuti umutsekere pakamwa. Ine mbali imeneyi ndi imene imandiwawa kwambiri, chifukwa amene amalipira mwakachetechete ndi anthu ofatsa, okalamba ndi osadziwa za katunduyo, pamene wolongolola amabwezeredwa ndalama yake.

Wina angafunse kuti, nanga mpikisano sungathetse zimenezi? Wogulitsa woona mtima bwanji osangolengeza kuti anzakewo akubisa, makasitomala onse n'kuthamangira kwa iye? Mu 2006 Xavier Gabaix ndi David Laibson analemba chifukwa chake zimenezi nthawi zambiri sizichitika, ndipo chitsanzo chawo china chinali cha printa. Kampani imagulitsa printa motchipa n'kumapeza phindu pa inki yodula, imene wogula saiganizira tsiku logula makinawo. Kampani ina ikafuna kuchita mwachilungamo iyenera kukweza mtengo wa printa kuti itsitse wa inki. Ikatsegula anthu m'maso za inki, kasitomala wochenjerayo sabwera kwa iyo: amakagulabe printa yotchipa ija n'kupeza njira yochepetsera ndalama ya inki. Wophunzitsa wataya ndalama yophunzitsira, ndipo pa shelefu katundu wake akuonekabe wodula. Msika wonse umakakamira pamenepo, aliyense akuopa kukhala woyamba kulemba nambala yeniyeni.

Mpaka apa nkhani ikuoneka ngati ikukomera wobisa. Koma taonani amene tawatchula: kampani yogulitsa kwa anthu mamiliyoni, ambiri a iwo ogula kamodzi pachaka, amene nthawi zina alibe kwina kopeza tikiti ya masewera amenewo. Wokwiya mmodzi akachoka, alendo chikwi akulowa. Bizinesi yaing'ono ilibe mtsinje woterowo. Telala, makaniko, wometa tsitsi, wojambula zithunzi pa maukwati, wogulitsa zovala pa WhatsApp, onsewa amadya kuchokera kwa anthu ochepa omwewo amene amabwera mobwerezabwereza, ndi abale awo, ndi anzawo a kuntchito. Akatengera njira ya kampani yaikulu amatenga nyambo yokha, kuiwala kuti dziwe lake ndi laling'ono ndipo nsomba zake zimauzana.

Kafukufuku wina wa ku Athens, ku Greece, amaonetsa bwino kuti chinyengo chotere chimakonda ndani. Loukas Balafoutas ndi anzake anatumiza anthu kukakwera matakisi, ena akudzionetsa ngati a mumzinda momwemo, ena ngati ochokera kudera lina la dzikolo, ena ngati akunja. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2013, zinali zakuti osadziwa mzinda ankazungulitsidwa njira zotalikirapo, ndipo akunja, amene sankadziwa kawerengedwe ka mtengo, ndiwo ankalipiritsidwa mopyola kawirikawiri. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; womudyera masuku pamutu amadziwa kuti sadzakumananso. Tsono wabizinesi yaing'ono akabisira mtengo kasitomala wake wa masiku onse, wamutenga ngati mlendo wodutsa. Kasitomalayo amamva zimenezo ngakhale sangazitchule.

Ndipo sikuti anthu amadana ndi kukwera kwa mitengo kulikonse. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1986, Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler anafunsa anthu a ku Canada pa foni za sitolo imene inkagulitsa fosholo yochotsera chipale chofewa pa madola 15, ndipo m'mawa wa tsiku lotsatira chimphepo cha chipale inakweza kufika madola 20. Anthu 82 pa 100 alionse anati zimenezo si chilungamo. Koma m'mafunso ena a kafukufuku yemweyo, pamene wogulitsa anakweza mtengo chifukwa nayenso akuoda modula, ambiri anati palibe cholakwa. Ogula amavomereza kuti wogulitsa apeze phindu lake ndipo asagwe. Chimene amakana ndi kupezerapo mwayi pa kufooka kwawo. Apa pali ufulu waukulu umene abizinesi ang'onoang'ono ambiri saugwiritsa ntchito: akhoza kunena poyera kuti "zakwera kooda, ndiye ndakweza," ndipo anthu ambiri amamvetsa. M'malo mwake amasunga nambala yakale pa chikwangwani n'kubisa kusiyanako m'zowonjezera, kapena kuchepetsa katundu m'paketi mwakachetechete, poganiza kuti akupewa mkangano.

Vuto limakula pa ntchito zimene kasitomala sangathe kuziyeza yekha. Mu 1973 Michael Darby ndi Edi Karni anafotokoza gulu la malonda amene ngakhale mutagula ndi kugwiritsa ntchito, simungadziwe ngati munafunikadi zimene mwalipirazo. Makaniko akati pampu yamafuta yatha, mumangovomera. Wokonza kompyuta akati wasintha kachipangizo kena mkati, simutsegula kuti muone. Mayi a foni aja kachingwe kakale sanakaone. Pa malonda otere, chimene kasitomala akugula kwenikweni ndi mawu a mmisiri. Tsiku limene wagwira mmisiriyo akuzembetsa ndalama yochepa pa risiti, sakayikira ndalama yokhayo. Amabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuwerenga: kodi mabuleki aja chaka chatha anali atathadi? Nanga batire lija? Zaka zisanu za ntchito yabwino zimalowa m'chikayiko chifukwa cha tsiku limodzi, ndipo mmisiriyo alibe njira yotsimikizira kuti zakalezo zinali zoona.

Choipa china n'chakuti chilango sichioneka. Phindu la kubisa limalowa m'kabati lero, mukhoza kuliwerenga. Kasitomala amene sanabwerenso salembedwa m'buku lililonse. Mwini bizinesi amangoona kuti malonda azirala, n'kumati ndi chuma chavuta, kapena ndi mnzake watsegula pafupi. Ndiye pofuna kutseka dzenjelo amawonjezera nyambo zomwe zija.

Sizithera pa iye yekha. George Akerlof, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi Michael Spence ndi Joseph Stiglitz, anaonetsa mu 1970 zimene zimachitika pa msika wa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito pamene wogula sangasiyanitse yabwino ndi yowola. Wogula amapereka mtengo wapakati poopa kupusitsidwa; mwini galimoto yabwino amaona kuti mtengowo ndi wochepa n'kuchoka pa msika; zotsala zimakhala zowola, ndipo mtengo umatsikanso. Chimodzimodzi pa mzere wa amisiri. Awiri akazolowera kuwonjezera ndalama pamapeto, kasitomala amafika kwa wachitatu ali wokonzeka kale kumenyana: amanenerera mtengo mpaka pansi, amakana kupereka ya chikole, amaima pomwepo kuyang'anira ntchito. Woona mtimayo akulipira ngongole ya anzake.

Pali chizolowezi china cha ogulitsa pa Facebook ndi Instagram chimene ndikufuna kuchitchula pachokha, chifukwa ochichita ambiri sachiona ngati kubisa: kuika chithunzi cha katundu popanda mtengo, wofunsa n'kumuyankha kuti abwere ku inbox. Zifukwa zake zimamveka. Wogulitsa amaopa kuti opikisana naye aona mtengo n'kutsitsa wawo, kapena kuti nambala ithamangitsa munthu asanamve ubwino wa katunduyo; ena amafuna kuti mafunso achuluke pansi pa chithunzi kuti chionekere kwa anthu ambiri. Koma wogula amamva china. Amaganiza kuti mtengo udalira mmene iye akuonekera pa chithunzi chake, ndiponso kuti akafunsa n'kulephera kugula achita manyazi. Ambiri safunsa n'komwe, amangodutsa. Ku Philippines, unduna wa zamalonda unachenjeza ogulitsa pa intaneti kuti chizolowezi chimenechi chimaphwanya lamulo la ogula la 1992, limene limafuna kuti katundu wogulitsa akhale ndi mtengo woonekera. Inde, pali ntchito zimene mtengo wake sungadziwike musanaone kukula kwake, monga kumanga kapena kusoka chovala cha mwambo waukulu. Koma ngakhale pamenepo munthu akhoza kunena poyambira ndi zimene zimakweza mtengo.

Komabe nkhaniyi si yoti chilichonse chokopa ogula n'choipa, ndipo amene anayesa kuchotsa zonse anapsa nazo. Mu 2012 Ron Johnson, amene anatchuka poyendetsa masitolo a Apple, anali mkulu wa JC Penney, masitolo akuluakulu a zovala ku America. Anathetsa makuponi, timapepala togulira katundu motsitsa, ndi zotsitsa mitengo za tsiku ndi tsiku, zimene zambiri zinkawerengedwa kuchokera pa mitengo yokwezedwa dala, n'kuika mitengo yotsika yokhazikika. Malonda anagwa ndi pafupifupi 25 peresenti m'chaka chimodzi, ndipo mu April 2013 anachotsedwa ntchito. Makasitomala ake anali atazolowera chisangalalo chopeza chinthu chotsitsidwa, ndipo nambala yopanda mzere wokhwatcha inkaoneka ngati yodula. Anthu amakonda kumva kuti apata mwayi, ndipo palibe cholakwa kuwapatsa mwayi weniweni. Mtengo wothera ndi 99 si bodza. Aliyense akuuona wonse. Kutsitsa katundu wotsalira kuti mashelefu apume si bodza. Kupereka kamphatso kwa wogula zambiri si bodza.

Malire ndimawaona pa funso limodzi: kodi njirayi ingagwirebe ntchito kasitomala atadziwa zonse zimene wogulitsa akudziwa? Ngati zovala zatsaladi ziwiri, kumuuza n'kumuthandiza. Ngati kuseri kuli katoni yodzaza, mawuwo akugwira ntchito chifukwa chakuti iye sakudziwa. Ndemanga ya kasitomala weniweni amene mwamupempha kuti alembe mmene waonera ndi umboni. Ndemanga zisanu za nyenyezi zisanu zolembedwa ndi alamu anu, amene sanagulepo kanthu, n'kuba chidaliro chimene owerenga amapereka kwa ogula anzawo.

Maboma ayamba kulowererapo, ndipo chifukwa chake ndi chija cha printa: ngati woona mtima amaluza akakhala yekha, ndiye onse akakamizidwe kunena nambala yeniyeni nthawi imodzi. M'maiko a European Union, kuyambira May 2022, wolengeza kuti watsitsa mtengo ayenera kuonetsa mtengo wotsikitsitsa umene katunduyo anali nawo m'masiku 30 apitawo, kuti asakweze Lolemba n'kudzatsitsa Lachisanu. Ku Britain, bungwe loona za mpikisano la CMA linachititsa mawebusaiti a mahotela monga Booking.com ndi Expedia kulonjeza mu 2019 kuti asiya mauthenga opanikiza ogula ndi kubisa zolipira. Ndipo kuyambira April 2025 lamulo latsopano linaletsa mtengo wodontha ndi ndemanga zabodza, chindapusa chake chikhoza kufika 10 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani imapeza pachaka padziko lonse. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la FTC linaletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza kuyambira October 2024, ndipo kuyambira May 2025 ogulitsa matikiti a zochitika ndi malo ogona a masiku ochepa ayenera kuonetsa mtengo wonse poyamba. Mu September 2025 kampani yogulitsa pa intaneti ya Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pothetsa mlandu umene FTC inaisumira pa kalowetsedwe ka anthu mu Prime, umembala wake wolipira, ndi kuvuta kwa kutulukamo.

Malamulo amenewa amaluma makampani akuluakulu, amene ali ndi maloya ndi mbiri yoti aiteteze. Kwa mmisiri wa tebulo limodzi, wapolisi wake ndi kasitomala yekha, ndipo kasitomalayo tamuona kale kuti salankhula. N'chifukwa chake lamulo limene ndimaliona kuti likufika pafupi ndi nkhani ya foni ija ndi lakale komanso losatchuka. Ku California, lamulo la okonza magalimoto la 1971 limafuna kuti makaniko apereke mtengo woyerekeza wolembedwa asanayambe ntchito, ndipo akapeza vuto lina mkati asapitirire popanda chilolezo cha mwini galimoto. Limapatsanso mwiniyo ufulu wopempha kuti zipangizo zakale zimene zachotsedwa abwezeredwe. Silinena kuti makaniko azitchaja zingati. Limangobweza mphamvu yokana pa nthawi imene ikadali ndi ntchito.

Mnyamata wa mafoni uja sankafunika lamulo kuti achite zomwezo. M'mawa akanati, "Mayi, sikirini ndi ntchito pamodzi ndi mwakuti. Tikatsegula n'kupeza china, ndikuimbirani ndisanagwire. Muli ndi nambala ina?" Masana akanaimba: "Tapeza kachingwe ka batire kafooka. Foni igwirabe ntchito, koma mwina pakatha miyezi ingapo kadzavuta. Tisinthe lero kapena tisiye?" Mwina mayiwo akanati musiye, ndalama sizikwana mwezi uno, ndipo iye akanataya phindu la kachingweko tsiku limenelo. Mwina akanati sinthani. Madzulo akanapeza kachingwe kakale kali pambali pa foni, m'kapepala, kuti akaone ndi maso awo.